Ntchito Yokazinga Moyang'ana Wotchi

Munthu akanyamuka ku Limbe kudzera msewu wa Midima, n'kudutsa pa Nkando, pa Chitakale, pa Limbuli mpaka kukafika pa chipata cha Muloza, sapeza sitolo ya KFC ngakhale imodzi. McDonald's ndiye osanena, m'Malawi monse muno mulibe. Komatu si kuti boma la Mulanje, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu 684,107, silichidziwa chakudya chachangu. Likuchidziwa bwino lomwe, kungoti kuno chimaphikidwa panja, pa utsi, ndipo wodya amadya chiimirire.

Ukaima pa chiwaya cha pa Limbuli tsiku la msika, ntchito yonse umaiona ndi maso ako. Mnyamata wayamba kusenda kachewere kusanayere bwinobwino, ndowa ziwiri zadzaza, zala zachita makwinya ndi madzi. Mafuta akubwata m'dzenje la pakati, tchipisi chopsa akuchikankhira m'mbali kuti chidonthe, dzanja limodzi likusonkheza nkhuni pomwe linalo likubweza chenji. Mchere uli m'kabotolo kobowola chivindikiro ndi msomali. Tsabola ali m'botolo lina, wofiira moopsa. Wakabaza amafika, n'kutola kamodzi kolawa osapempha, n'kuti, "Amwene, ikani cha wani sauzande, koma musaumire dzanja." Mnyamatayo amayeza ndi diso, n'kukankhira kamulu pakona, kenako n'kuponyapo tina tiwiri titatu ta basela.

Ziwaya zambiri si za anyamata amene amakazingawo. Mwini wake amakhala ndi ziwiri kapena zitatu, china pamsika, china pasiteji ya minibasi, china pafupi ndi malo omwera mowa. M'mawa amagawa ndowa za kachewere wochokera ku Ntcheu kapena ku Dedza, mafuta ndi nkhuni, ndipo madzulo amabwera kudzawerengera ndalama. Kalata ya ntchito palibe, tchuthi palibe. Mukayambana lero, mawa pachiwaya paima wina.

Pali achinyamata ena a ku Mulanje amene analawa mbali inayo ya ntchito yokazinga, ija ya yunifolomu ndi kapu. Mmodzi mwa iwo ndi mtsikana, mwana wa mlongo wake wa amene akulemba nkhani ino. Anakhoza mayeso a MSCE koma malo ku yunivesite sanapezeke, ndalama za koleji yolipira nazo zinalibe kolowera. Atakhala pakhomo kwa nthawi, akugulitsa nanazi m'mbali mwa msewu, anapita kukakhala ndi azakhali ake ku Bangwe, ndipo mwamwayi anamulemba ntchito pa sitolo ina yogulitsa nkhuku yokazinga mumzinda wa Blantyre, imodzi mwa zija zokhala ndi nthambi zingapo. Kumudzi nkhani inamveka ngati wapata. Atsibweni akewo akhala akumufunsa pang'onopang'ono za ntchitoyi, ndipo zomwe amafotokoza n'zosiyana kwambiri ndi zomwe munthu amaganiza akamaona magalasi owala a sitolo zoterezi.

Masiku oyambirira sanamulole kukhudza nkhuku. Anayamba wapita kuchipatala kukayezetsa, monga zimafunikira kwa wogwira zakudya za anthu, kenako anamuphunzitsa kusamba m'manja. Iye anaseka. Munthu woti wakhala akuphika nsima ya banja lonse kuyambira ali Sitandade 5, lero amuphunzitse kusamba m'manja? Koma wophunzitsayo sankaseka nawo. Sopo mpaka m'zigongono, kupukuta ndi pepala osati nsalu, ndipo kubwerezanso akangokhudza foni, ndalama kapena chitseko. Zikhadabo awenge, ndolo avule, tsitsi alilowetse m'kaneti.

Kukhitchini anapeza kuti kulibe wophika monga momwe ife timamudziwira wophika. Nkhuku imafika yoduladula kale, zidutswa zofanana. Ufa woviikamo umafika wosakaniza kale ndi zokometsera zake m'mapaketi omata, ndipo palibe wantchito amene amadziwa zonse zomwe zili m'menemo. Mmodzi ntchito yake ndi kugubuduza nyama mu ufa, kangati, anamuuza kale. Wina amayala zidutswazo m'dengu la waya, n'kuzimiza m'mafuta, n'kudina batani. Akatero sayang'ananso mtundu wa nyamayo kapena kuibaya ndi foloko kuti aone ngati yapsa. Amadikira makina alire. Wachitatu amalongedza m'mabokosi, wachinayi ali pa tilu. Nthawi ya nkhomaliro makina onse amalira nthawi imodzi ngati anapiye osowa make, la nkhuku uku, la tchipisi uko, ndipo mtsikanayu akuti miyezi yoyamba ankalimva phokosolo ngakhale ali m'tulo.

Chilichonse chili ndi nthawi yake yolembedwa. Nkhuku ikatuluka m'mafuta amailembera ola loti ikafika pamenepo isagulitsidwenso. Tchipisi ndiye chimakhala ndi mphindi zochepa chabe. Chilichonse chilinso ndi nambala yake. M'mawa amawerenga zidutswa za nyama, mabanzi, mabotolo a zakumwa, ngakhale mabokosi opanda kanthu, ndipo usiku amawerenganso. Zomwe zatuluka ziyenera kufanana ndi zomwe kompyuta ya pa tilu ikunena. Zikapanda kufanana, mawu amene aliyense amawaopa amamveka: pali shoti. Pamenepo palibe wopita kwawo mpaka chidutswa chosowacho chidziwike kumene chalowera, ndipo amene ali pa tilu akaperewera ndalama amadziwa kuti nkhaniyo akaipeza pa malipiro ake.

Pakauntala ntchito ndi ya pakamwa ndi miyendo. Mawu olonjerera anawaloweza, ndiponso funso loti asaiwale kufunsa aliyense: "Muonjezera chakumwa, bwana?" Mpando palibe. Munthu amaima shifiti yonse, akumwetulira, ngakhale kasitomala akumukalipira chifukwa netiweki yolipirira pa foni yagwa kapena chifukwa wapatsidwa phiko pomwe iye amafuna ntchafu. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi mzere umafika pakhomo. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ana amabwera ndi amayi awo atatchena zitenje zatsopano, ndipo pa Khirisimasi ogwira ntchito saona n'komwe kuti dzuwa lalowa nthawi yanji.

Apa pali chinthu chimene chimasiyanitsa ntchitoyi kuno ndi kumene inachokera. Ku America chakudya chotere ndi cha munthu wothamanga ndi wochepekedwa m'thumba. Kuno ndi cha tsiku lapadera. Anthu amasamba, amavala bwino, amajambulitsa bokosi lisanatsegulidwe n'kuika chithunzicho pa WhatsApp. Mnyamata amasunga ndalama mwezi wathunthu kuti adzabwere ndi chibwenzi chake. Choncho kasitomala wa kuno sabwera kudzangodya. Amabwera kudzalemekezedwa, ndipo akaona kuti ulemuwo waperewera, mkwiyo wake umakhala wa munthu amene wawononga ndalama yowawa. Amene amaulandira mkwiyowo ndi mtsikana woti bokosi lalikulu lija la banja lonse sangaligule popanda kuyamba waganizira za lendi.

Akatseka sitolo ntchito imakhala isanathe. Kusefa mafuta, kutsuka makina, kukolopa pansi poterera, kuwerengera katundu. Manja a anthu a kukhitchini amadziwika ndi timadontho ta zipsera za mafuta. Fungo nalo silichoka m'tsitsi. Mtsikanayu akuti tsiku lina m'minibasi kondakitala anamununkhiza n'kunena kuti, "Achemwali, mwatinyamulirako yathu?" Anthu onse anaseka, iyenso anaseka, koma m'chikwama mwake munali yunifolomu yokha yoti akachape usiku womwewo.

Kagwiridwe ka ntchito kotere kali ndi eni ake. Mu 1948, ku San Bernardino m'chigawo cha California, abale awiri, Richard ndi Maurice McDonald, anatseka lesitilanti yawo kwa kanthawi n'kuikonza mwatsopano. Anachepetsa mitundu ya zakudya, anachotsa operekera zakudya kumagalimoto, mbale zotsuka anazisiya n'kuyamba kukulunga chakudya m'mapepala, ndipo khitchini anaiyala moti munthu aliyense azichita kachinthu kamodzi mobwerezabwereza. Phindu lake linali lakuti sankafunikiranso katswiri wophika, amene ndi wodula komanso wovuta kumupeza akachoka. Aliyense akanatha kuphunzitsidwa m'masiku ochepa. Ray Kroc anaitenga njirayi n'kuyamba kuifalitsa mu 1955. Naye Harland Sanders, yemwe ankakazinga nkhuku ku Corbin m'chigawo cha Kentucky, anayamba mu 1952 kugulitsa chilolezo choti anthu ena aziphika nkhuku m'dzina lake ndi zokometsera zake 11 zachinsinsi. KFC inafika ku South Africa mu 1971, ndipo lero ili ndi masitolo oposa 1,000 m'dzikomo. Malonjezo a makampani onsewa kwa kasitomala ndi amodzi: chimene wadya lero ku Blantyre chikhale chimodzimodzi ndi chimene udzadye mawa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Kuti zimenezi zitheke, dzanja la wophika siliyenera kumveka m'chakudyamo.

Mtsikanayu atabwera kumudzi pa tchuthi chake choyamba, anawafotokozera zonsezi anganga ake, mayi wokalamba amene anathyola tiyi zaka zambiri pa esiteti ina kufupi ndi phiri. Iye ankaganiza kuti akuwauza zachilendo za m'tauni. Angangawo anamvetsera za wotchi, za kuwerenga zidutswa, za supavaiza woima kumbuyo, kenako anawomba m'manja. "Iwe mwanawe, ndiye kuesiteti kumeneko! Kungoti kwanuko kuli denga."

Atsibweni ake akuona kuti gogoyo analasa. Mulanje ndi limodzi mwa malo oyamba mu Africa kumene tiyi analimidwa ngati bizinesi. Henry Brown anamubzala kuno mu 1891, mbewu zake zochokera ku mishoni ya Blantyre, ndipo minda itakula, manja ambiri amene anaigwira anali a Alhomwe omwe ankawoloka kuchokera ku Mozambique. Ambiri a iwo anakhala pa malo a azungu n'kumalipira malowo ndi thukuta pa thangata. Kuyambira nthawi imeneyo anthu a kuno akhala akudziwa ntchito yoyezedwa. Wothyola tiyi sasankha yekha chothyola: masamba awiri ndi kansonga, basi. Dengu lili kumsana, kapitawo ali pamzere, sikelo ikudikira, kalaliki akulemba makilogalamu. Ukathyola masamba okhwima amakubweza. Ukapanda kukwanitsa mulingo wa tsikulo zimaoneka pa malipiro. Nthawi ya mvula, tiyi akaphuka, amalemba anthu ambiri, chilimwe chikafika ambiri amawauza kuti akadikire kunyumba. Ngakhale chakudya cha masana pa esiteti, nsima ndi nyemba kapena nandolo zophikidwa m'miphika ikuluikulu, chimaperekedwa pamzere, mwachangu, mulingo wofanana, kuti anthu abwerere m'munda. Abale a McDonald asanaganize zoyala khitchini yawo, agogo a m'maesiteti a Lauderdale, Ruo ndi Lujeri anali atakalamba kale ndi ntchito ya kachinthu kamodzi kobwerezabwereza.

N'chifukwa chake kutopa, kuima tsiku lonse ndi kulamulidwa sizinamudabwitse mtsikanayu kwenikweni. Anakulira pakhomo pomwe anthu amadzuka ndi belu la kampani. Chimene chinamuvuta ndi china, ndipo atsibweni ake anachiona okha tsiku lina atapita ku Blantyre n'kuganiza zokamuona kuntchito.

Anaima pamzere ngati wina aliyense. Atafika kutsogolo, mwana amene anamunyamulapo ali wakhanda anawayang'ana, maso akuseka, koma pakamwa panatuluka mawu oloweza aja: "Takulandirani bwana, tikupatseni chiyani?" Kenako motsitsa mawu, "Atsibweni, mwabwera liti? Kumudzi ali bwanji?" Anaitanitsa zidutswa ziwiri ndi tchipisi. Anamuona akutapa tchipisicho ndi chotapira chachitsulo chokhala ndi mulingo wake, n'kugwedeza pang'ono kuti chochuluka chigwe. Zidutswa ziwiri zinali ziwiri ndithu. Risiti inatuluka, chenji chinabwera chokwanira mpaka kakobiri komaliza, ndipo asanamalize kuyankha za kumudzi, wapambuyo pawo anali atayamba kale kuitanitsa. Madzulo ake mtsikanayo anaimba foni kupepesa. "Atsibweni, musandione ngati ndine woumira. Kamera imakhala pamutu pangapa."

Mnyamata wa pachiwaya, ngakhale alibe nsapato zabwino, ali ndi kaufumu kake. Amatha kuona kuti uyu ndi kasitomala wa tsiku ndi tsiku n'kumuonjezera. Amatha kumukongoza wakabaza mpaka madzulo, kumupatsa mwana wasukulu tokhalira m'mbali, kumuchepetsera mtengo mayi amene ndalama yamuperewera. Mwini chiwaya amadziwa kuti zimenezi zimachitika ndipo bola ndalama ya madzulo ikwane, salowerera. M'zinthu zazing'ono zimenezi ndi mmene munthu wa kuno amaonetsera kuti ndi munthu pakati pa anzake. Wogwira ntchito m'sitolo ya kampani anamulanda mphamvu imeneyi. Tsiku lonse chakudya chimadutsa m'manja mwake, koma alibe chilolezo chopatsa aliyense kachidutswa ngakhale kamodzi. Nkhuku imene nthawi yake yadutsa amaiwerenga, amailemba m'buku, n'kuichotsa monga mwa malamulo a kampani, pomwe panja pa galasi pali ana opempha amene iye amawadziwa nkhope. Kwa munthu woleredwa m'mudzi momwe mlendo sadutsa pakhomo anthu akudya osamuitana, ichi n'cholemera kuposa kutupa kwa miyendo.

Kumudzi nako sakumvetsa. Amati mwana akugwira ntchito pa nkhuku, nanga bwanji akabwera sabweretsa ngakhale phiko? Msuweni wake wina anafika pa sitolopo ndi anzake awiri, m'thumba mulibe kanthu, akudalira kuti mtsikanayo awaonera. Anabwerera ndi njala, ndipo nkhani inafika ku Mulanje mtsikanayo asanaweruke: tauni yamusintha.

Komabe atsibweni akewo sakufuna kunamizira kuti malamulo onsewa ndi nkhanza chabe. Kampaniyo ikanalola basela, wantchito aliyense ali ndi abale makumi angapo, ndipo sitoloyo sikanatha mwezi. Za ukhondo ndiye n'zosachita kufunsa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo makhonsolo angapo analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Pachiwaya dzanja lomwe lalandira ndalama ndi lomwelo limatapa kabichi. Mafuta amawakazingira mpaka ade bii, osawataya, kumangothiramo ena pamwamba, chifukwa mafuta ndiwo amadya mpamba. Anyamata ambiri a m'malire amadalira zigubu zochokera ku Milange, tsidya la Mozambique, kuti apezeko phindu. Tchipisi chotentha amachiika m'timajumbo topyapyala tomwe boma linaletsa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Mtsikana uja akabwera kumudzi masiku ano amadyabe pachiwaya, koma kabichi amakana.

Kusiyana kwina kuli pa pepala. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati munthu asagwire maola opitirira 48 pa sabata popanda ovataimu, ndipo wogwira masiku 6 pa sabata akhale ndi masiku 18 a tchuthi pachaka. Lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Mu Febuluwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo mu Juni 2025 anafika pa K126,000. Kampani yokhala ndi dzina ndi chikwangwani imavutika kuzemba zonsezi poyera, chifukwa a ofesi ya zantchito amadziwa pomwe ili. Mnyamata wa pachiwaya manambala amenewa amangowamvera pa wailesi.

Kufunika kwa pepalali kunaoneka mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'mapiri. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera, ndipo Mulanje linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Misewu inaduka, misika inaima, nkhuni zinanyowa, kachewere sankafika. Wapachiwaya tsiku limene sanayatse moto ndiye kuti sanapeze kanthu. Mtsikana wa ku Blantyre uja mwezi umenewo malipiro ake analowa monga mwa masiku onse, ndipo ndi ndalama imeneyo imene inagula ufa ndi pulasitiki yofolera nyumba ya anganga ake. Amene ankamunena kuti ndi woumira anadya nawo nsimayo.

Kungoti malipiro a pamwezi nawo amasungunuka. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ya pa bolodi la sitolo imasintha msanga, ya pa payisilipi imatsalira. Akachotsa lendi, minibasi ya tsiku ndi tsiku, makala, sopo ndi kangachepe kotumiza kumudzi pa foni, pofika pakati pa mwezi amakhala akuyang'ana kwa anzake a chipereganyu. Wapachiwaya zinthu zikakwera amangochepetsa kamulu tsiku lomwelo. Wolandira pamwezi amadikira kalata yochokera ku likulu.

Kodi angadandaule kwa yani? Ku New York, mu Novembala 2012, ogwira ntchito m'masitolo a zakudya zachangu pafupifupi 200 ananyanyala ntchito kufuna madola 15 pa ola, ndipo anthu ambiri anawaseka. Patatha zaka zoposa 11, mu Epulo 2024, chigawo cha California chinakhazikitsa madola 20 pa ola ngati malipiro otsikitsitsa a ogwira ntchito m'makampani akuluakulu a mtunduwu. Kuno kwathu bungwe loimira ogwira ntchito m'mahotela ndi malo odyera lilipo, la Hotel, Food Processing and Catering Workers Union, ndipo khoti la Industrial Relations Court limamva milandu ya ochotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Ngakhale m'minda ya tiyi, momwe kwa zaka zoposa 100 malipiro ankangolengezedwa ndi eni minda, bungwe loimira ogwira ntchito la PAWU linasainirana pangano loyamba la malipiro ndi Tea Association of Malawi mu 2016. Koma achinyamata a pakauntala ambiri samayandikira zoterezi. Njira ya abale a McDonald ija inapangidwira kuti wantchito asakhale wosowa, ndipo manijala sachita kuopseza ndi mawu ambiri. Amangoloza mulu wa makalata ofunsira ntchito umene uli pa desiki pake.

Ena akatopa amayang'ana ku Joni. M'makhitchini a malo odyera ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town muli Amalawi ambiri, ena akutsuka mbale, ena akuwotcha nyama, enanso akuthamanga ndi njinga zamoto kuperekera chakudya cha Uber Eats ndi Mr D m'misewu yoopsa. Malipiro otsikitsitsa kumeneko anafika pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025, ndalama yooneka yambiri ukaisintha kukhala makwacha, koma wopanda mapepala nthawi zambiri salandira yonseyo ndipo alibe kokadandaula. Mu Januwale 2022 Julius Malema wa chipani cha EFF anayendera malo odyera ku Mall of Africa kukafunsa kuti alemba anthu angati a m'dzikomo ndi angati obwera, ndipo aliyense wakunja amene anali kukhitchini tsiku limenelo anamva uthengawo. Chodabwitsa n'chakuti m'zakudya zina za kumeneko muli kale dzanja la Mmalawi ngakhale asanakwere basi. Kampani ya Nando's, yomwe inayamba mu 1987 ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg, imagula tsabola wake wa kapiripiri kwa alimi ang'onoang'ono a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Ndi mtundu womwewo wa tsabola umene alimi a ku Mulanje, monga a bungwe la Zikometso, akhala akulima ndi kuyanika kwa zaka zambiri, wothyola ndi zala kamodzikamodzi mpaka manja kuyabwa.

Mtsikana uja za ku Joni sakuzifuna. Anamukweza kukhala wophunzitsa anzake atsopano, ndipo tsopano ndi iye amene amaima kumbuyo kwa wina n'kumuuza kuti abwerezenso kusamba m'manja. Akuti waphunzira zinthu zimene kusukulu sanaphunzire: kuwerengera katundu, kudziwa kuti phindu limathawira pati, kuyankha munthu wokwiya popanda kukwiya naye. Maganizo ake ndi oti tsiku lina adzatsegule kamalo kake pa Chitakale, pomwe alendo okwera phiri ndi magalimoto opita ku Mozambique amaima, kokhala ndi mpopi wosambira m'manja ndi mafuta osintha pa nthawi yake. Atsibweni ake anamufunsa ngati pamalo pakepo padzakhale basela. Anaganiza kaye, n'kuyankha kuti adzapereka, koma adzazilemba m'buku.

Pakadali pano, akabwera kumudzi sabwerera chimanjamanja. M'chikwama mwake mumakhala ufa, nandolo, nanazi ndi maenvulopu a khaki. Anzake amene anali nawo kalasi imodzi, ana a aneba, ngakhale msuweni uja anamunena kuti tauni yamusintha, onse amamupatsira makalata ofunsira ntchito kuti akawasiyire kwa manijala. Mlongo wake wamng'ono, amene walemba Fomu 4 chaka chino, naye wayamba kumuvutitsa.

"Achemwali, mukandilankhulireko kwa abwana anuwo."

"Ukudziwa kuti kumeneko sitikhala pansi?"

"Nanga kuno ndikukhala pansi? Ndikusenda kachewere wa eni ake kuyambira folo koloko m'mawa."

Anaitenga envulopuyo n'kumuuza kuti ayambe kusunga ndalama ya nsapato zakuda zosaterera ndi ya kuchipatala kokayezetsa, chifukwa akangomuitana zimafunika sabata yomweyo.